Kalata kwa a Gavanala a Reserve Bank: mabwana a bodi akagula masheya a kampani zawo tizimva msanga

Bwana Gavanala,

Ndalembera inu chifukwa ndinunso Registrar of Financial Institutions, woyang'anira mabungwe a zachuma, ndiye msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange uli m'manja mwanu. Chilowereni Airtel ndi FDH Bank pamsika mu 2020 anthu wamba ambiri tayamba kugula masheya, aphunzitsi, manesi, a geni omwe, ndipo enanso ali momwemo osadziwa kudzera m'ndalama za penshoni.

Dayilekitala kugula masheya a kampani yake si mlandu ayi, mwinanso ndi bwino, munthu amene waikamo ndalama zake sagona pa bodi. Nkhani ndi nthawi yake. Iyeyu amaona manambala ife tisanawaone, trading statement ija yotiuza kuti phindu lisiyana ndi la chaka chatha ndi 20 peresenti kapena kuposa ikamatuluka munyuzi iye anadziwa kalekale, ndiye akagula mwakachetechete sabata zingapo m'mbuyomo kapena kugulitsa zinthu zisanaipe, ndalama wapezayo yachoka m'thumba mwa amene anagulana nayeyo osadziwa kanthu.

Ku South Africa zinaoneka ndi kampani ya Steinhoff. Kumapeto kwa November 2017 Markus Jooste, bwana wamkulu wa kampaniyo, anatumizira anzake SMS yoti agulitse masheya, patangopita masiku ochepa mtengo unagwa chagada ndipo ndalama za penshoni za ogwira ntchito m'boma zinapsera momwemo. FSCA, bungwe loyang'anira misika ya zachuma kumeneko, inamulipitsa chindapusa. Komanso ku JSE, msika wa masheya wa ku Johannesburg, dayilekitala akagula kapena kugulitsa, zimalengezedwa pa SENS, njira yolengezera nkhani za pamsikawo, m'masiku ochepa, dzina, deti, kuchuluka kwa masheya ndi mtengo wake.

Kunonso Securities Act ya 2010 imaletsa insider trading, kugula kapena kugulitsa masheya pogwiritsa ntchito zinsinsi za kampani zimene ena sanazidziwe, chabwino, koma ife kudikira annual report, lipoti la pachaka la kampani, kuti tione kuti bwana uje ali ndi masheya angati ndi mochedwa zedi, ndipo lipotilo ndi angati amaliwerenga mpaka kumapeto?

Pempho langa ndi ili: dayilekitala aliyense, mkazi kapena mwamuna wake, ana ndi timakampani tawo ta kuseri, akagula kapena kugulitsa ziziikidwa pamalo amodzi oti aliyense aone pafoni sabata isanathe, ndi Chichewa chomwe. Nyengo yotseka ija, mabuku akatsekedwa mpaka zotsatira zitalengezedwa, ikhale yotsekadi. Ndipo wina akagwidwa musamanong'onezane mu ofesi, tiuzeni dzina ndi chindapusa chake.

Ine wanu,
Mwini timasheya tochepa, Zomba