Kalata kwa amake Dalitso

Mtendere, Lusaka

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino nonse pamodzi ndi bambo a ana. Ine miyendo ndiyo ikundivutabe, koma ndikuyenda. Udabwa kuti ndakulembera kalata chikhalirecho kwanu ku Kanyama ndi ulendo wa minibasi ziwiri zokha. Zimene zili kumtima kwanga sindikanazinena Lamlungu lija ana ali pomwepo, ndipo nkhani yotere siyenera pafoni.

Ndinakumva ukukalipira Dalitso chifukwa cha homuweki. Unamutcha waulesi katatu, iye ali zolikezolike osayankha. Utapita kukagula makala ndinamuitanira kuseri kwa nyumba kuti andithandize kusadzula chibwabwa. Za sukulu sindinamufunse. Tinacheza za mpira mpaka anamasuka, ndipo kenaka anadzuka yekha n'kukanditengera kope lake la masamu. Mwana wanga, kodi kopelo unalitsegulapo? Masamba oyambirira ndi olembedwa mwaukhondo, tichala wachonga bwinobwino. Kuchokera mwezi uja anagona ndi malungo masabata awiri, walemba mafunso okha, pansi pake palibe kanthu. Anzake anapitirira iye ali pamphasa, ndipo atabwerera anapeza akuphunzira zinthu zomangidwa pa zimene iye sanamve. Kukweza dzanja akuchita manyazi, akuti anzake amuseka. Anandiuza motsitsa mawu kuti, "Agogo, ndikatsegula buku mutu umangoima."

Mwana waulesi sakopera mafunso onse m'kope tsiku ndi tsiku. Ameneyu wasochera, ndipo akubisa.

Usathamangire kuimba mlandu aphunzitsi. Chiyambire Januwale 2022, pamene boma linachotsa fizi mpaka Giredi 12, ana ambiri amene anali pakhomo anabwerera kusukulu. Chimenecho n'chabwino, ine ndimathokoza Mulungu, pakuti ndikudziwa mmene fizi inkatilizira. Koma makalasi adzaza, ndipo mphunzitsi mmodzi sangaone mwana aliyense amene watsalira mwakachetechete. Upite wekha ukaonane ndi mphunzitsi wake wa masamu, mwaulemu, umufunse mitu imene anaphunzitsa masabata awiri aja. Dalitso abwerere pamenepo, ngakhale zioneke ngati akubwerera m'mbuyo. Mwana wa mlongo wa atate ake, uja analemba Giredi 12 chaka chatha, angathe kukhala naye Loweruka lililonse.

Tsopano ndikuuze chimene chimandisowetsa tulo. Mlongo wako sanasiye sukulu chifukwa cha umphawi wokha monga timanenera kwa anthu. Ine ndinali kubwera kuchokera ku Soweto Market nditatopa, ndalama zosakwana, ndipo ndikamupeza osalemba ndinali kuthyola kamtengo. Sindinamufunsepo n'kamodzi komwe kuti chamuvuta n'chiyani. Anaphunzira kundinamiza kuti sanapatsidwe homuweki, kenaka anaphunzira kuvala yunifolomu n'kukathera tsiku pa siteshoni ya minibasi. Pamene ndinadziwa, madzi anali atafika kale m'khosi. Lero ndi munthu wabwino, akudyetsa banja lake ndi ukondakitala, koma amandiuza kuti akanapeza womufunsa mofatsa akanamaliza. Mawu amene unalankhula Lamlungu ndi anga, unawamva kwa ine uli wamng'ono. N'chifukwa chake anandilasa.

Umuitane mlongo wakoyo adzacheze ndi Dalitso. Ndi malume ake, ndipo kwathu ku Katete mawu a malume amalemera. Mnyamata wa msinkhu umenewu pali zina zimene amauza mwamuna mnzake, osati mayi ake.

Uonenso nthawi imene umamuuza kuti alembe. Akaweruka amapita kukatunga madzi, kenaka umamutuma kumsika, ndipo pofika pa buku kunja kwada. Chichitikire chilala cha 2024, madzi atachepa ku damu la Kariba kumene amapangira magetsi, tonse tikudziwa kuti magetsi si owadalira usiku. Mwana wotopa, mumdima, ndi phunziro limene sakulimva, ungayembekeze chiyani? Akafika adye, apume pang'ono, alembe dzuwa lisanalowe. Madzi agawane ndi mlongo wake, masiku ena uyu, masiku ena uyo. Poyamba theka la ola n'lokwanira, chifukwa pang'onopang'ono ndi mtolo. Nthawi imeneyo foni yake ikhale pamwamba pa kabati, yakonso ikhale pomwepo. Sungamuletse TikTok iwe maso ali pa Facebook.

Ndipo ukhale naye pafupi. Ndikudziwa unena kuti masamu a Giredi 11 suwakumbukira. Palibe kanthu. Utenge mpunga wako uzisankha pambali pake, umuuze kuti akufotokozere chimene akuchita. Mwana akamaphunzitsa mayi ake amamva kukula, ndipo pamene akakamira pofotokoza, pomwepo ndiye pali vuto. Akakhoza funso limodzi lokha, unene kuti waona.

Mpira usamulande. Ndinamva ukumuopseza kuti sadzapitanso kubwalo. Kumeneko ndi kumene akudzionabe kuti ali ndi chimene amatha, ndipo ukamutsekera pamenepo atsala ndi manyazi okhaokha. Mugwirizane kuti kope liyamba, mpira utsatira.

Anandiuzanso kuti amafuna ntchito ya zamagetsi. Kodi unali kudziwa? Tsiku lina mtima uli pansi, umufotokozere mmene njirayo imayendera, osati momuopseza. Mayeso a Giredi 12 a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso m'dziko muno, amalembedwa kumapeto kwa chaka, ndipo magiredi ake amachokera pa 1 kufika pa 9. Kuti phunziro liwerengedwe kirediti afunika 6 kapena kuposa apo, kutanthauza nambala yocheperapo. Ku yunivesite ya Zambia (UNZA) amafuna makirediti asanu, Chingerezi chili momwemo, ndipo maphunziro a zamagetsi kulikonse amayendera masamu. Akaona kuti kope lija ndi mawaya amene amawakonda zili panjira imodzi, simudzalimbananso kwambiri. Nthawi ilipo, chaka chathunthu ndi miyezi.

Ndibwera Loweruka m'mawa. Ndasungira Dalitso kanyali ka sola kamene ndinagula m'tauni, ndipo azakhali ako atumiza nsawa kuchokera kumudzi. Usamuuze kuti ndakulembera, pakuti anandionetsa kopelo mondikhulupirira. Ungomupempha wekha, mofatsa, kuti nawe akuonetse.

Upereke moni kwa apongozi anga ndi kwa adzukulu anga onse.

Ndine mayi ako