Tileke kutokosa majeti a kabuleta ndi waya

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga oyendetsa njinga zamoto, makamaka akabaza, pa nkhani yotsuka kabuleta kunyumba. Sindikutsutsa kuti munthu azikonza yekha njinga yake, pakuti ndalama imene akanapereka kwa makaniko ndi yomweyo imene banja likuyembekezera kugulira ufa. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chizolowezi chotokosa majeti (tizitsulo ta m'kabuleta tokhala ndi bowo lodutsira petulo) ndi singano kapena waya wa buleki, chimene chafala pamasiteji ambiri ndipo chikuwonongetsa mafuta kwa anthu amene amapeza ndalama movutikira.

Kabuleta imasakaniza petulo ndi mpweya pa mlingo woyenera zisanalowe mu injini. Petulo amayamba wadikha m'kambale ka pansi, momwe muli fuloti imene imatseka njira kambaleko kakadzaza, kenako amakokedwa kudzera m'majeti awiri amkuwa. Jeti yaikulu imagwira ntchito njinga ikamathamanga, pamene yaing'ono ndi imene imasunga moto injini ikamalira njinga itaima. Bowo la jeti yaing'onoyi silifika ngakhale theka la milimita pa njinga zathu za Lifo, Boxer ndi zina zotere, motero kadzimbiri kamodzi kochokera m'thanki n'kokwanira kulitseka. Zikatero njinga imavuta kulira m'mawa, imafuna choko (kochepetsera mpweya poliza injini yozizira) nthawi zonse, ndipo imazima mukangoima kuti mutsitse kasitomala.

Mkuwa ndi wofewa kuposa chitsulo. Munthu akalowetsa singano m'bowolo, chinyalala chimachokadi ndipo njinga imalira, mwiniwake n'kuona ngati wapambana, koma bowo lija limakhala litakula ndipo palibe njira yolibwezera mwakale. Kuyambira tsiku limenelo injini imamwa petulo wochuluka mosagwirizana ndi mpweya umene ikulandira, utsi umada, pulagi imadzaza mwaye, ndipo lita imene inkakwana maulendo a m'mawa wonse imatha dzuwa lisanafike pamutu. Ambiri amanamizira wogulitsa mafuta kapena ukalamba wa njinga, chonsecho vuto analiyambitsa okha.

Ntchitoyi ndi yosavuta kwa munthu wodekha. Ichitikire panja, kutali ndi mbaula, kandulo kapena wosuta fodya, injini itazizira ndiponso kampopi ka mafuta katatsekedwa. Muyale nsalu yoyera kuti tizitsulo ting'onoting'ono tisatayike m'dothi, ndipo musanamasule chilichonse mujambule kabuletayo ndi foni, chifukwa mapayipi amasokoneza pobwezera. Mukachotsa kambale ka pansi, muyang'anitsitse zimene zadikhamo musanazitaye: matope ofiira akusonyeza kuti thanki yachita dzimbiri, timadontho tosasakanikirana ndi petulo tikusonyeza kuti mwalowa madzi, ndipo zomata zobiriwira zikusonyeza kuti njingayo inakhalitsa osayenda mafuta ali momwemo. Majeti amasulidwe ndi sikuludiraiva yokwana bwino, aviikidwe m'mankhwala otsukira kabuleta amene amagulitsidwa m'masitolo a masipeyala, kenako apopedwe ndi mpweya. Pampu ya njinga yakapalasa imathandiza kwa amene alibe kompuresa. Pomaliza mulozetse jeti kudzuwa; ngati kuwala kukudutsa pabowo lozungulira bwino, ndiye kuti yayera. Ikakanika, kaulusi ka pulasitiki kothothola pa bulashi kangayesedwe, koma kakalephera ndi bwino kugula jeti ina ya nambala yofanana ndi imene yalembedwa pa yakaleyo.

Pali kasikulu kosinthira kasakanizidwe ka mafuta ndi mpweya kamene ambiri amangokapotokola mwachisawawa. Musanakachotse, mukamange pang'onopang'ono mpaka kagunde mopepuka, uku mukuwerenga kuti kazungulira kangati, kuti pobwezera mukaike pomwe kanali. Kukamanga mwamphamvu kumaphwanya nsonga yake. Mankhwala otsukira aja asakhudze malabala ndi gasiketi chifukwa amazifufumitsa, ndipo kuyamwa payipi ya petulo ndi pakamwa, kumene ndimakuona kawirikawiri, ndi kuika mapapo pachiswe.

Komabe kutsuka kabuleta popanda kufufuza kumene zinyalala zikuchokera n'chimodzimodzi kusesa m'nyumba chitseko chili pululu tsiku la mphepo. Mafuta akasowa m'malo omwetsera, ambiri timathamangira kwa ogulitsa m'zigubu ndi m'mabotolo, ndipo petulo wotere amakhala atadutsa m'zotengera zosatsuka, nthawi zina atasakanizidwa ndi zina. Tikumbukirenso kuti petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982 ndipo masiku ano amapangidwanso ku Chikwawa. Ethanol alibe vuto pa njinga yoyenda tsiku ndi tsiku, koma amakoka chinyezi, motero njinga ikaimikidwa kwa milungu ingapo m'nyengo yamvula thanki ili yosadzaza, madzi amadikha pansi n'kuyambitsa dzimbiri. Wofuna kuimika njinga nthawi yaitali atseke kampopi ndi kukhuthula kambale kudzera pa sikulu ya pansi. Kasefa kakang'ono ka mafuta koikidwa pa payipi pakati pa thanki ndi kabuleta n'kotsika mtengo, ndipo ndikadakonda njinga iliyonse ya kabaza itakhala nako. Sefa ya mpweya nayo iyenera kutsukidwa pafupipafupi m'miyezi ya fumbi ya Seputembala ndi Okutobala, osati kuichotseratu monga amachitira ena pofuna kuti njinga izikoka kwambiri, pakuti fumbilo silithera m'kabuleta, limakadya ndi pisitoni yomwe.

Ndikupempha atsogoleri a magulu a kabaza kuti pamisonkhano yawo, pambali pa nkhani ya zisoti ndi ziphaso, aziitana makaniko wodziwa ntchito kuti amasule kabuleta imodzi pamaso pa onse, ndipo aonetse jeti yabwino ndi yotokosedwa moyandikana kuti aliyense aone yekha kusiyana kwake.

Wowerenga wanu,
Lunzu, Blantyre