Dandaulo pa pulogalamu yogulitsira katundu yomwe yaleka kulumikizana ndi seva

Kwa Mkulu Woona za Makasitomala,

Bwana,

Ndikulemba m'malo mwa sitolo yathu ya zipangizo za ulimi kuno ku Kasungu, komwe ndimayang'anira makompyuta ndi mabuku a ndalama. Tinagula kwa inu pulogalamu yogulitsira ndi kuwerengera katundu, ndipo ndalama ya chithandizo ya chaka chino tinalipira yonse. Chisinthireni seva yathu (kompyuta yaikulu yomwe makompyuta ena onse amalumikizanako) anyamata anu mwezi watha, makompyuta a pakauntala sakulowanso mu database, nkhokwe ya pa sevayo yosunga mbiri ya katundu ndi malonda. Ino ndi nyengo ya feteleza ndi mbewu. Alimi akuima pamzere mpaka pakhonde, atsikana a pakauntala akulemba malisiti pamanja, ndipo madzulo timachita kuwerenga matumba limodzilimodzi kuti tidziwe otsala.

Makina amavuta, zimenezo tikudziwa. Chandilembetsa kalatayi ndi mayankho omwe takhala tikulandira kuchokera ku ofesi yanu.

Tikatsegula pulogalamu imalemba kuti: "SCRAM authentication requires libpq version 10 or above". Ndinajambula uthengawu ndi foni n'kuutumiza pa WhatsApp ya ofesi yanu tsiku lomwelo. Anandiyankha kuti netiweki ya kuno ndi yovuta, tizimitse rauta n'kuyatsanso. Bwana, seva ili m'chipinda cha kuseri kwa sitolo, makompyuta analumikizidwa ndi waya, intaneti siikhudzidwa n'komwe. Ndikapanga ping (kuyesa ngati seva ikufikirika) seva imayankha, ndipo khomo lolowera mu database, port 5432, ndi lotsegula. Ndipo uthenga umenewu sungatuluke ngati kompyuta yalephera kufika pa seva. Umatuluka seva ikayankha kale n'kupempha pasiwedi mwa njira imene libpq, fayilo ya pakompyutayo yolumikiza pulogalamu ndi database, sikuidziwa.

Gwero lake likuoneka poyera. Anyamata anu anachotsa pulogalamu yoyendetsa database ya PostgreSQL 9.6 n'kuika PostgreSQL 16. Pamenepo ndilibe nawo mlandu, poti 9.6 inasiya kulandira zokonza mu Novembala 2021. Koma kuyambira pa PostgreSQL 14, mapasiwedi atsopano amasungidwa mwa njira yobisira ya SCRAM (scram-sha-256) m'malo mwa md5, ndipo njira ya SCRAM inabwera ndi PostgreSQL 10 mu 2017. Fayilo ya libpq.dll imene ili m'foda ya pulogalamu yanu ndi ya m'badwo wa 9, yakale kuposa njira yomwe ikufunsidwayo. Anasintha seva n'kukwera basi kubwerera ku Lilongwe osayesa ngakhale kompyuta imodzi ya pakauntala.

Nditaumirira, mnyamata wina ananditumizira libpq.dll yatsopano pa WhatsApp, akuti ndingoiponya m'fodamo. Ndinatero, ndipo Windows inatulutsa vuto nambala 193, loti fayiloyo "is not a valid Win32 application". Pulogalamu yanu ndi ya 32-bit, Task Manager imaonetsa zimenezo, koma fayilo yomwe anatumizayo inali ya 64-bit. Windows ya 64-bit imayendetsa mapulogalamu a mitundu yonse iwiri, koma pulogalamu ya 32-bit singatsegule laibulale (fayilo yothandizira ngati libpq.dll) ya 64-bit. Kodi kampani yomwe inalemba pulogalamuyi ingachite kuuzidwa zimenezi ndi kasitomala?

Kenako kunabwera ya 32-bit, nayonso ili yokhayokha, ndipo nambala inasintha kukhala 126: "The specified module could not be found". Mnyamatayo anati ndiye kuti sindinakope bwino fayilo. Ndinamuonetsa chithunzi cha foda, fayilo ili momwemo. Chosowa pa vuto la 126 nthawi zambiri si fayilo imene yatchulidwayo, koma anzake amene iyo imadalira. Libpq imafuna libssl ndi libcrypto za OpenSSL zogwirizana nayo, komanso Visual C++ Redistributable ya mtundu womwe inamangidwira. Kuitumiza yokha kuli ngati kumpatsa mlimi khasu lopanda mpini.

Koma chachikulu, chomwe ndikufuna muwerenge mofatsa, ndi chimene chinachitika pambuyo pake. Mmodzi wa akatswiri anu analowa pa seva yathu kudzera pa AnyDesk, pulogalamu yoyendetsera kompyuta uli kutali. Ndinali pomwepo, ndikuona kamuvi kakuyenda kokha. Anatsegula fayilo ya pg_hba.conf, yomwe imalamula amene angalowe mu database ndi njira yolowera, n'kufufuta mawu oti scram-sha-256, n'kulemba trust, pa mzere wa 0.0.0.0/0, wokhudza kompyuta ina iliyonse. Pulogalamu inatsegukadi, iye n'kulemba kuti "zatheka bwana" n'kutuluka. Sanandiuze tanthauzo la zomwe wachitazo. Mawu oti trust amauza seva kuti isafunsenso pasiwedi. Aliyense wofika pa netiweki ya sitolo, ngakhale amene tinampatsa pasiwedi ya Wi-Fi kuti atsegule WhatsApp akudikira katundu, akanatha kulowa ndi dzina lililonse, ngakhale la postgres lomwe lili ndi mphamvu zonse. M'menemo muli mayina a alimi otenga katundu pa ngongole, manambala awo a foni ndi a ziphaso za unzika, ndi ndalama zomwe aliyense watsala nazo. Munthu wochenjera akanafufuta ngongole yake ife osadziwa. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza deta ya anthu la 2024, ndipo zikatayika woyamba kufunsidwa ndi ife osunga mayinawo. Ndinabwezeretsa mzerewo mmene unalili usiku womwewo, n'chifukwa chake tili pa malisiti a pamanja mpaka lero. Ndikuda nkhawa kuti kwa makasitomala anu ena, omwe alibe munthu wosuzumira m'mafayilo amenewa, mzerewo udakali pa trust. Pitani mukaone.

Chomwe ndikupempha si chachilendo. Titumizireni pulogalamu yokhazikitsira yathunthu, yokhala ndi libpq ya 32-bit ya m'badwo wa 10 kapena kuposerapo pamodzi ndi malaibulale ake onse, mutaiyesa kaye pa kompyuta ya ku ofesi kwanu yolumikizidwa ku PostgreSQL 16. Ngati zimenezo zitenga nthawi, ilipo njira yongoyembekezera: kubweza akaunti ya pulogalamuyi yokha pa md5, kwa makompyuta a m'sitolo muno okha. Koma wobwerayo adziwe kuti kusintha pg_hba.conf kokha sikukwanira. Pasiwedi ikasungidwa kale mwa SCRAM, seva imafunsabe SCRAM ngakhale mzere utalembedwa md5, choncho ayenera kusintha password_encryption, yomwe imasankha njira yosungira mapasiwedi, n'kuikanso pasiwediyo mwatsopano. Ndikanachita ndekha, koma pasiwedi ya akauntiyo munaibisa mkati mwa pulogalamu, ndipo mgwirizano wathu umati tikakhudza tokha chithandizo chimatha.

Palinso mulu wa malisiti olembedwa pamanja ofunika kulowetsedwa m'kompyuta zinthu zikakonzeka. Mutumize munthu adzatithandize ntchitoyo, apo ayi mutichotsere ndalama ya mwezi wonsewu pa chithandizo cha chaka chamawa. Ndikufunanso kalata yochokera kwa inu yofotokoza zonse zimene zinasinthidwa pa seva yathu kuyambira tsiku lomwe inakwezedwa.

Ndidikira yankho lolembedwa pofika Lachisanu sabata yamawa. Likapanda kubwera, eni sitolo agwirizana kuti nkhaniyi tikaitule ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission. Zithunzi za mauthenga onse atatu ndi za fayilo ya pg_hba.conf isanasinthidwe komanso itasinthidwa ndaziphatikiza ku kalatayi.

Ine kasitomala wanu,

Woyang'anira makompyuta ndi mabuku a ndalama,
Sitolo ya zipangizo za ulimi,
Kasungu