Pempho kwa Ana a Kuno: Chisakasa cha pa Bwalo Chagwa

Abale athu okhala ku Tete, ku Moatize, ku Beira, ku Maputo ndi ku Joni, landirani moni kuchokera kwa ife a komiti ya bwalo la mpira kuno kumudzi, kufupi ndi Ulongué.

Chisakasa chija cha pafupi ndi mkuyu chagwa ndi mvula ya mwezi watha. Mukuchidziwa, ena mwa inu munkavuliramo malaya. Nsanamira zinadyedwa ndi chiswe, malata awiri mphepo inakawaponya m'munda wa kachewere. Golo la kumunsi nalo lagona, anyamata akuika miyala.

Mwina muti chisakasa n'chachiyani. Ife taona kuti mwana akangolowa yunivesite, mpira amausiya. Amati mabuku achuluka. Chaka chachiwiri amabwera atagwira foni, kuthamanga pang'ono wefuwefu. N'chifukwa chake ana athu ophunzira zaumoyo ku Tete, pamodzi ndi anzawo a zaulimi ku yunivesite ya UniZambeze pa Ulongué pompa, amasonkhana m'chisakasamo pa tchuthi. Asanalowe m'bwalo amayezana BP, amafotokozerana za matenda a shuga ndi kuopsa kwa mchere wambiri, ndiponso kuti bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kenako mpira, atsikana omwe. Amene wamvetsa kuti mpirawo ndi mankhwala sausiya akabwerera kusukulu. Ngakhale agogo ena amabwera kudzangoyezetsa, n'kukhala pansi kuonerera.

Sitinapinde manja. Njerwa taumba ndipo taotcha, amayi atunga madzi mpaka makosi kuwawa, mchenga tatuta pa ngolo. Chatikanika ndi simenti, malata, misomali, mipira, ndi makina ena oyezera BP, chifukwa amene alipo ndi obwereka. Bwana wina anaima pabwalo pomwepa nthawi ya kampeni ya 2024 nalonjeza malata. Tinamuombera m'manja. Mpaka lero.

Zikutichititsa manyazi kulemba chonchi. Koma timu ya Songo itatenga chikho cha Moçambola, ligi yaikulu ya mpira muno m'Mozambique, mu 2022, ena mwa inu munatiimbira foni usiku kukondwera. Nambala zathu ndi zomwezija, sitinasinthe.

Kangachepe kalikonse tumizani pa M-Pesa kudzera kwa abale anu kuno, adzapereka kwa amfumu. Thumba limodzi la simenti tilandira ndi manja awiri. Ophunzira afika tchuthi chikubwerachi, ndipo njerwa zili pamtetete.

Ife, a komiti ya bwalo.