Mafuta a m'thanki ndiwo asankhe gasiketi ndi chomatira

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga oulutsa tindege ndi kuyendetsa timagalimoto ta rimoti, makamaka amene angoyamba kumene kumasula okha timainjini tawo. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti ambiri akaona injini ikuchucha amangotola chubu chilichonse cha silikoni n'kupaka, osayamba adzifunsa kuti injiniyo imamwa mafuta anji. Komatu nkhani yonse yagona pamenepo.

Mainjini amenewa alipo a mitundu itatu. Ena ndi a glow, omwe ambiri amati a nitro. Mafuta ake ndi methanol wosakaniza ndi nitromethane wa 5 mpaka 30 peresenti, kuphatikizapo oyilo, kaya wa nsatsi kapena wopangidwa m'fakitale. Ena ndi a petulo, amene amathiridwa oyilo wa two-stroke. Palinso a dizilo, omwe samwa dizilo wa galimoto koma palafini, ether ndi oyilo. Labala amene amapirira mafuta a mtundu umodzi amatha kuwonongekeratu m'mafuta a mtundu wina.

Silikoni ndi mnzake wa mafuta a glow. Mapaipi a silikoni amatha zaka ali m'methanol osasintha. Koma paipi yomweyo mukaiika m'petulo kapena m'mafuta a dizilo imafufuma, imafewa, kenako imavuka payokha m'kati mwa thanki, ndipo injini imazima ndege ili m'mwamba. Pa petulo pamafunika mapaipi a Tygon (pulasitiki wofewa wachikasu), kapena a labala wa neoprene kapena wa Viton. Tygon naye amauma pakapita nthawi, makamaka petulo akakhala wosakaniza ndi ethanol, choncho musinthe chaka chilichonse osadikira kuti ang'aluke. Viton ambiri amamutama ngati labala wopirira chilichonse, koma Viton wamba amafufuma m'methanol, ndipo nitromethane sagwirizana naye. Musamuike pa injini ya glow chifukwa choti ndi wodula. Chotsekera thanki nachonso chili ndi mitundu iwiri, cha glow ndi cha petulo. Wosintha injini pa ndege asinthe chotsekeracho pamodzi ndi mapaipi onse.

Tibwere ku chomatira cha m'chubu, silikoni wa RTV, amene amauma yekha osamutenthetsa. Musanapake, yambani mwanunkhiza. Akamamveka fungo la viniga, ndiye kuti pouma amatulutsa asidi, ndipo asidiyo amachititsa dzimbiri mabering'i ndi crankshaft, chitsulo chozungulira cha m'kati mwa injini. Silikoni wa m'bafa ndi wa m'mawindo nthawi zambiri amakhala wotere. Gulani wa mainjini, wolembedwa kuti sensor safe. Pa injini ya glow ameneyu amathandiza pa chivundikiro cha kumbuyo kwa injini, pa khosi la kabuleta ndi polumikizira sailensa. Ku sailensa sankhani wopirira kutentha kopitirira madigiri 300 a Celsius, monga wofiira kapena wa mtundu wa mkuwa. Pa injini ya petulo, RTV akhale wa ku ekizozi kokha. Pomwe pamadutsa petulo pamafunika zomatira zina, monga ThreeBond 1184, Permatex MotoSeal kapena Hylomar Blue.

Kapakidwe ndi kamene kamawononga mainjini ambiri kuposa mtundu wa chomatiracho. Mafuta a nsatsi amasiya utoto womata pa chitsulo, ndipo palibe chomatira chingagwire pamenepo. Tsukani mbali zonse ziwiri ndi methanol kapena acetone mpaka kansalu koyera kasiye kuda. Tengani kamtengo kotokosera m'mano, pakani pang'ono kwambiri moti chitsulo chizionekera pansi pake. Mukamanga mabawuti n'kuona chomatira chikutuluka kunja ngati mkanda, dziwani kuti china chochuluka chomwecho chatulukira m'kati. Chimenecho chimadzanyotsoka, n'kukakamira pa waya wa pulagi kapena kutseka njira ya mafuta, yomwe pa singano ya kabuleta, yochepetsera kapena kuwonjezera mafuta, ndi yaing'ono kwambiri. Mangani mabawuti mopingasa, pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu, kenako isiyeni injiniyo maola 24 musanathire mafuta. Pa mabawuti a sailensa donthezani Loctite 243 kuti asamasuke ndi kunjenjemera.

Pali malo amodzi pomwe ndikuchonderera kuti pasafike chomatira chilichonse: pakati pa mutu ndi silinda. Pamenepo pamakhala kachitsulo kopyapyala ka aluminiyamu kapena mkuwa kotchedwa shim, nthawi zambiri ka mamilimita 0.1 kapena 0.2. Ntchito yake si kutseka kokha, kamakhazikitsanso mlingo wa kompuresheni. Mukakachotsa, mafuta amayaka msanga, injini imatentha ndipo mapulagi amapsa kawirikawiri. Wowonjezera nitromethane m'mafuta angafunike kuwonjezera shim ina ya 0.1. Mutu ukamachucha, yang'anani ngati shim yapindika kapena ngati bawuti ina yamangidwa kuposa inzake. Wosha ya mkuwa ya pansi pa pulagi musinthe pamodzi ndi pulagiyo.

Gasiketi ya pepala ya chivundikiro cha kumbuyo mungathe kudula nokha, koma gwiritsani ntchito pepala lenileni la magasiketi, lokhuthala mofanana ndi lakale. Yezani lakalelo ndi kalipa, chida choyezera kukhuthala. Lopyapyala kwambiri limasendezera chivundikiro m'kati mpaka crankpin, kamsomali ka pa crankshaft, kuyamba kuchipala, ndipo mudzaona oyilo wakuda wa tinyenyeswa ta aluminiyamu akutuluka ku ekizozi. Mabowo a mabawuti aboolani choyamba ndi kapaipi ka chitsulo konoledwa, kenako dulani m'mphepete. Mukayamba ndi m'mphepete pepala limang'ambika. Polumikizira sailensa, magasiketi a pepala amaphwanyika ndi kutentha, mabawuti n'kukhwepa. Ndi bwino kusalaza nkhope ya sailensa pa sandipepala wa nambala 400 woyala pa galasi, kenako n'kupaka RTV pang'ono.

Mungadziwe bwanji kuti pali pochucha? Injini ya two-stroke imakoka mafuta kudzera m'crankcase, chibokosi momwe mumazungulira crankshaft, choncho kabowo kakang'ono kamalowetsa mpweya wowonjezera. Injini imayamba kuthamanga yokha osaiwonjezera moto, imatentha, ndipo singano ngakhale muipotoze bwanji sikhazikika. Tsekani ekizozi ndi kamwa la kabuleta, pakani madzi a sopo pa chivundikiro cha kumbuyo, pa khosi la kabuleta ndi pa singano, kenako popani mpweya pang'ono ndi sirinji kudzera m'paipi ya mafuta. Potuluka thovu ndi pamene pali vuto. Mukatha umitsani bwino n'kuthiramo oyilo, chifukwa madzi otsalira amadya mabering'i.

Chinthu chimene simukuchidziwa bwino, kaya ndi O-ring (kamphete ka labala), paipi kapena chomatira chouma, musachiike m'injini musanachiyese. Dulani kachidutswa, kayezeni ndi kalipa, kaikeni m'botolo la galasi lokhala ndi mafuta enieni amene mumagwiritsa ntchito, tsekani bwino n'kuliika kutali ndi moto. Pakatha sabata katulutseni, kayezeninso n'kukafinya ndi zala. Kakafufuma, kakafewa, kakayamba kumata kapena mafuta akasintha mtundu, katayeni.

Ine wanu,
Wokonza mainjini a tindege ndi timagalimoto ta rimoti