Mwana wanga, werenga izi usanachire

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira wadzuka bwino pamodzi ndi bambo akunyumbako, ife kuno ku Ndirande tilipo, bambo ako akupereka moni. Ndasankha kulemba chifukwa ndikabwera ku Machinjiriko pakhonde pamakhala podzadza, apongozi ako ali pompo azakhali ako ali pompo, nde pali zina sindingazilankhule pamaso pawo zingaoneke ngati ndikuwanyoza pomwe sichoncho ayi. Masiku ako ayandikira, uyu ndi woyamba, ndipo ukangochira aliyense adzasanduka dokotala, uyu akuti panga ichi uyo akuti usayerekeze, onse mwachikondi ndithu. Koma zaka zimene ndinagwira unamwino zinandionetsa kuti zikhulupiriro zathuzi zimatidyera nthawi, mwana amafika kuchipatala tsiku lachitatu atafookeratu pomwe akanabwera tsiku loyamba akanabwerera kunyumba madzulo omwewo.

Ndamva kuti akuletsa mazira ati mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Idya mazira iwe, bola akhale opsa bwino, tsitsi amatengera kumtundu ndipo mwanayo akufuna chakudya chomanga thupi panopa. Mwanamphepo, mankhwala achikuda ofulumizitsa kubereka aja, usamwe olo kapu imodzi, olo atakupatsa munthu amene umamulemekeza bwanji, amakokanitsa chiberekero mwamphamvu njira isanatseguke ndipo chimatha kung'ambika. Matenda akatalikanso wina asakuumirize kuti ulula amuna amene unayenda nawo, mwana amachedwa chifukwa mutu wakula kuposa njira kapena wagona mopingasa, zimenezo zimafuna azamba akuchipatala pena opareshoni basi. Mkaka woyamba wachikasu uja usaufinyire pansi kuti ndi woipa, ndi umene uli ndi chitetezo chambiri, muike kubere ola loyamba lisanathe. Kenako miyezi 6 mwakathithi, osampatsa madzi olo kutenthe ngati Okutobala, mkaka wa m'mawere magawo oposa 80 pa 100 ndi madzi kale.

Tsopano za liwombo, apa nde ndikufuna umvetsetse. Mwana aliyense amabadwa ndi kamalo kofewa pamutu chifukwa mafupa achigaza amakhala asanalumikizane, kuti mutu uthe kudutsa pobadwa komanso ubongo upeze pokulira, ndipo pamatsekeka pokha akamafika cha m'ma chaka ndi theka popanda kupakapo kalikonse. Kugunda ukuona paja ndi magazi akuyenda, usachite mantha. Nde likalowa mkati anthu amati mwana wadwala liwombo, amathamanga kukafuna mankhwala omata pamutu, pomwe vuto silili pamutu mpang'ono pomwe, liwombo limalowa chifukwa madzi atha m'thupi, kawirikawiri mwana akamatsekula m'mimba kapena kusanza.

Sindiiwala kamwana kena anabwera nako usiku, pamutu atakamata zakuda bii zosakaniza ndi mafuta, maso atalowa mkati, kakulira koma misozi osatuluka, milomo ili gwa, ukatsina khungu lapamimba limangokhala chiimire osabwerera. Agogo ake anali atayesetsa, anayenda wapansi mtunda wautali kukafuna mankhwalawo ndipo ankakakonda kamwanako zedi, koma chimene kankafuna ndi madzi. Tinakaika diripi, mmene kumacha kanayamba kuyamwa. Ena sanachite mwayi wotero, sindifuna kuzilemba pano uli ndi pakati.

Choncho Thanzi asasowe m'nyumba mwako. Paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa, kumamwetsa pang'onopang'ono ndi supuni, akasanza dikira mphindi 10 uyambirenso, bere osasiya, otsala akagona tsiku lathunthu taya usungunule ena. Kuchipatala akupatsanso zinki wa masiku 10 mpaka 14, umalize olo kutsekulako kusiye. Koma khanda la masabata ochepa usaliyesere kunyumba, likatsekula, likatentha thupi kapena likakana bere nyamuka nthawi yomweyo. Liwombo likatupa kutulukira kunja mwana ali phee thupi lili moto, imeneyonso siyodikira kuche, atha kukhala matenda oumitsa khosi.

Mwana akamatsekula m'mimba udzamvanso kuti asiyeni ndi mano akumera. Mano amayamba cha pa miyezi 6, nthawi yomweyo mwana wayamba phala, posachedwa akukwawa, chilichonse watola pansi chikupita kukamwa, chitetezo chimene anabadwa nacho kuchokera kwa iwe chikuchepa, nde kutsekulako kukuchokera ku tizilombo timene wameza, mano angopezekapo. Amayabwa nkhama inde, dovu limachuluka, amavutavuta, koma chimbudzi chamadzi katatu kanayi patsiku ndi matenda. Chimodzimodzi tsempho, mwana akamaonda kapena kutupa mapazi, tsitsi likufiira, musakhale pansi kumalozana zala ndi amuna ako kuti walakwa ndani, kumeneko ndi kunyentchera kapena pali matenda ena, kusikelo amuyeza ndipo chiponde chilipo.

Zoti mango amayambitsa malungo ngakhale anthu ophunzira amakhulupirirabe, ena amati nzimbe, ena amati wanyowa ndi mvula. Taona mmene zimakhalira, mango amapsa Novembala Disembala, mvula nayo imayamba nthawi yomweyo, madzi amadikha m'zithaphwi, m'madimba ndi m'maenje oumbira njerwa aja ali mbwee kwanuko, udzudzu nkuswana. Udzudzu waukazi wa anofelesi ukaluma usiku malungo amadzaonekera patapita sabata imodzi kapena ziwiri, nde munthu amakumbukira bango limene wadya dzulo, udzudzu wa sabata yatha anauiwala kalekale. Izitu zinadziwika mu 1897 pomwe dokotala wina, Ronald Ross, anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu ku India. Ugone mu neti kuyambira lero, mwana akabadwa mugone naye momwemo. Zoti neti imabweretsa nsikidzi sizoona, zimakhala zilimo kale m'ming'alu ya bedi ndi khoma, ndipo zoti imafoola abambo kuchipinda ndi bodza lenileni, uwauze amuna ako kuti ndatero ine.

Sikutinso thupi likatentha ndiye kuti ndi malungo basi. Akamubaye kachala, mphindi 20 zokha zotsatira zatuluka. Akapezeka nawo mankhwala a LA ndi a masiku atatu, m'mawa ndi madzulo, osasiyira panjira poti wayamba kusewera, ndipo osampatsa otsala a mwana wa aneba.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi linjirinjiri, chifukwa mwana akayamba kugwedezeka maso atatembenuka, maganizo a aliyense amathamangira kwa anthu, wamulodza ndani, ndipo ulendo woyamba umakhala wa kwa asing'anga. Mwana wanga, zimenezi zinafufuzidwa konkuno kwathu, pachipatala cha Queens pompa. Madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anayamba m'zaka za m'ma 1980 kuona ana okomoka ndi malungo a muubongo, mpaka njira yoyezera kuti mwana wakomoka motani imene amagwiritsa ntchito m'mayiko ambiri imatchedwa Blantyre Coma Scale. Mu 2015 kafukufuku wa pomwepo wojambula mitu ya ana ndi makina a MRI anaonetsa kuti ana amene amamwalira ubongo wawo umakhala utatupa kwambiri mpaka kupanikiza mbali imene imayendetsa kupuma. Ndiye taganiza, ubongo ukutupa inu muli pamphasa kudikira ula. Zikachitika mugoneke chammbali, mumasule zovala, usamuike supuni kapena chala mkamwa, lilime silimezeka ayi mungomuthyola mano kapena kumutsamwitsa, usamumwetse kanthu, kenako thamangani kuchipatala. Nthawi zina kumakhala kutentha thupi chabe ndipo zimatha, koma amene anganene zimenezo ndi amene wamuyeza. Thovu la munthu wakhunyu nalonso silipatsira, ukamuona wagwa pamsewu kapena pafupi ndi moto muthandize.

Katemera yense amalize, zonena za pa WhatsApp zoti amatseketsa kubereka uzisiye pomwepo. Iweyo ndinakubayitsa yense, lero si uyu uli ndi pakati. Katemera wa rota atayamba mu 2012 ana ogonekedwa chifukwa chotsekula m'mimba anachepa ife tikuona ndi maso. Wa tayifodi anamuyesa kuno ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuyambira 2018 pa ana oposa 28,000, anateteza pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse, boma nkumuyambitsa dziko lonse mu 2023, ndipo ana amenewo ndi omwewa tikukhala nawo m'makomomu akupita kusukulu bwinobwino. Akatentha thupi pang'ono kapena pobayapo pakatupa tsiku limodzi awiri usadabwe, zimachitika.

Apongozi ako usakangane nawo, analera ana awo mpaka kukula ndipo zambiri amadziwa kuposa iwe, kasambitsidwe, kaberekedwe kumbuyo, kumva kuti kulira uku ndi njala uku ndi tulo, uphunzire kwa iwo. Zimene sizipweteka mwana zisiye zidutse. Koma chomwetsa khanda, chopaka pamchombo, chotema mphini, ndi chilichonse chokuchedwetsa kupita kuchipatala, pamenepo ukane mwaulemu, unene kuti kusikelo anatiletsa, ndipo amuna ako ndi amene alankhule ndi mayi awo osati iwe, nchifukwa chake ndikufuna kalatayi muwerenge nonse awiri.

Ndalama ya transipoti muikiretu padera isakhudzidwe olo ndiwo zisowe, musunge nambala ya wagalimoto wapafupi amene angadzuke usiku chifukwa pakabaza sungakwere uli m'matenda, buku lakusikelo, zitenje, beseni ndi pepala lapulasitiki zikhale m'chikwama chimodzi pafupi ndi chitseko. Matenda akangoyamba, kapena ukaona magazi, mutu ukamawawa kwambiri, maso akamachita chidima, mwana akasiya kugunda, mundiimbire muli kale panjira, ine ndikakupezani komweko.

Ndine mayi ako.