Timve aphunzitsi a m'mayunivesite pa za AI, koma tidziwenso amene akuwapatsa ndalama

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsa danga. Chiyambire pamene kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT, pulogalamu yoyankha mafunso ngati munthu, mu Novembala 2022, nkhani za AI (makompyuta otsanzira nzeru za munthu) sizikusowa m'manyuzipepala. Chimene chikundidandaulitsa n'chakuti mawu omveka kwambiri ndi a eni makampani ogulitsa zipangizozi. Aphunzitsi ndi ofufuza a m'mayunivesite amabwera kumapeto kwa nkhani, nawonso atawaunjika pamodzi kuti "akatswiri akuti", ngati kuti onse amayankhula chimodzi. Satero ayi. Amatsutsana kwambiri, ndipo mtsutso wawowo ndi umene owerenga tikufunika kuumva.

Ntchito ya AI inabadwira m'mayunivesite. John McCarthy ndi anzake ndi amene anakonza msonkhano wa ku Dartmouth College mu 1956, pomwe kafukufukuyu anayambira kudziwika ngati phunziro palokha. Mu 2012 Geoffrey Hinton wa ku University of Toronto, pamodzi ndi ophunzira ake awiri, Alex Krizhevsky ndi Ilya Sutskever, anapambana mpikisano wa ImageNet wa makompyuta ozindikira zithunzi, ndipo kuyambira pamenepo makampani anathamangira njira yawo. Hinton, Yoshua Bengio wa ku Montreal ndi Yann LeCun wa ku New York University analandirira limodzi mphoto ya Turing ya 2018, mphoto yapamwamba pa sayansi ya makompyuta. Lero anthu atatuwa sagwirizana. Hinton anachoka ku Google mu 2023 kuti azichenjeza anthu momasuka za kuopsa kwa AI. Bengio anasaina nawo kalata ya mu Malichi chaka chomwecho yopempha kuti ntchito yopanga AI yamphamvu kwambiri iyambe yaima miyezi 6. LeCun akuti mantha oti makina adzalanda dziko ndi okokomeza, popeza makinawa sadziwa mmene dziko limayendera ngakhale kufika pamene mphaka amadziwira. Ngati amene anaumba chinthu chimodzi akusiyana maganizo chonchi, mtolankhani asatibisire zimenezo.

Ine mtima wanga uli kwa gulu lina, la ofufuza amene amayeza zimene makinawa akuchita kwa anthu lero lino. Joy Buolamwini wa ku yunivesite ya MIT ku America ndi Timnit Gebru anayesa mu 2018 mapulogalamu atatu a makampani otchuka omwe amayang'ana nkhope n'kunena ngati ndi ya mwamuna kapena ya mkazi. Pa amuna oyera khungu amalakwitsa osafika 1 peresenti. Pa amayi akuda, pulogalamu ina inalakwitsa pafupifupi 35 peresenti. Mu 2019 Ziad Obermeyer wa ku University of California, Berkeley, ndi anzake anafufuza pulogalamu yomwe zipatala za ku America zinkagwiritsa ntchito posankha odwala ofunika chisamaliro chapadera. Anapeza kuti pulogalamuyo inkayeza kudwala kwa munthu potengera ndalama zimene zinawonongedwa pomuchiza m'mbuyomu. Popeza pa odwala akuda pankapita ndalama zochepa ngakhale akudwala mofanana ndi azungu, makinawo ankawaona ngati ali bwinoko. Ofufuzawo anawerengera kuti cholakwikachi chitakonzedwa, chiwerengero cha anthu akuda pakati pa olandira chisamalirocho chikanakwera kuchoka pa 17.7 kufika pa 46.5 peresenti. Palibe amene analemba tsankho m'pulogalamuyo mwadala. Linalowa kudzera m'chinthu chooneka chosalakwa, ndipo panafunika anthu akunja kwa kampani, oleza mtima, kuti aliwone. Ntchito ya yunivesite ndi imeneyi.

Ubwino nawo ulipo ndipo sindikuukana. Pulogalamu ya AlphaFold ya kampani ya DeepMind inathetsa vuto lomwe linasautsa asayansi kwa zaka pafupifupi 50, lodziwiratu maonekedwe a mapuloteni (tinthu tating'ono tomanga thupi la zamoyo), ndipo ofufuza mankhwala akuigwiritsa ntchito. Koma inaphunzira kuchokera ku Protein Data Bank, nkhokwe ya maonekedwe a mapuloteni yomwe asayansi akhala akuidzaza kuyambira 1971, ambiri a iwo ali m'mayunivesite. Mphoto ya Nobel ya 2024 imene Demis Hassabis ndi John Jumper a ku DeepMind analandira chifukwa cha AlphaFold anagawana ndi David Baker wa ku University of Washington.

M'kalasi namo mtsutso ulipo: ena akufuna mayeso abwerere papepala ndi pakamwa, ena akuti ophunzira aphunzitsidwe kugwiritsa ntchito zipangizozi moona mtima. Apanso kafukufuku wathandiza. Ofufuza a ku yunivesite ya Stanford anaonetsa mu 2023 kuti mapulogalamu ogwira "zolembedwa ndi AI" ankanamizira kwambiri zolemba za anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho. Wophunzira wosalakwa akanatha kulangidwa chifukwa chongolemba ziganizo zosavuta.

Tsono nkhawa yanga yaikulu nayi. Kupanga AI yamakono kumafuna makompyuta ambirimbiri ndi magetsi a ndalama zoti yunivesite wamba singakwanitse. Chifukwa cha ichi ophunzira anzeru akamaliza amapita kumakampani, aphunzitsi ena ali ndi maudindo mbali zonse ziwiri, ndipo kafukufuku wochuluka amayendera ndalama kapena makompyuta a makampani omwewo amene akufunika kuunikidwa. Sindikunena kuti aliyense wolandira thandizo lotere wagulidwa. Ambiri ndi anthu okhulupirika. Koma tinaona zimene zinachitika mu Disembala 2020, pamene Gebru anachoka ku Google pa mkangano wokhudza pepala lomwe analemba ndi Emily Bender wa ku University of Washington ndi ena, lofotokoza kuopsa kwa mapulogalamu aakulu a ziyankhulo, mtundu wa AI umene ChatGPT imayendera. Gebru akuti anachotsedwa, kampaniyo ikuti anatula pansi udindo. Bender, amene anali pa yunivesite, anapitiriza ntchito yake, ndipo pepalalo linatuluka mu 2021. Ufulu umenewo ukatha, zofufuza ngati za Obermeyer adzazichita ndani?

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, ndi ili. Mukamalemba za AI, funsani aphunzitsi oposa mmodzi, ndipo asakhale a kompyuta okha: a zamalamulo, zaumoyo, ziyankhulo ndi zamaphunziro nawonso akufufuza nkhaniyi. Aliyense amene mwamufunsa, mufunseninso ngati ali ndi udindo pa kampani ya AI kapena ngati kafukufuku wake amalipiridwa ndi kampani yotere, ndipo yankho lake mulilembe m'nkhanimo. Magazini a zachipatala akhala akufunsa zimenezi kwa madokotala ofufuza mankhwala kwa zaka zambiri, ndipo sindikuona chifukwa choti ofufuza AI asafunsidwe chimodzimodzi.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa